Oda yalowa, ndalama yafika, koma katundu wakanirira ku kasitomu

Masiku ano munthu sachita kufuna shopu ku Limbe kapena pa Ginnery Corner kuti agulitse katundu kunja kwa dziko lino. Foni yojambula bwino, bandulo ya intaneti ndi kadzuwa ka m'mawa kojambulira zithunzi, basi geni yayamba. Achinyamata a ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe akuponya pa Facebook, Instagram ndi TikTok zikwama za chitenje, madengu a mlaza, ufa wa malambe ndi tsabola wa kambuzi, ndipo ofunsa mitengo si a ku Ndirande okha ayi. Ena ali ku Johannesburg ndi Cape Town, ena ku Manchester, Dublin kapena ku America, komwe abale athu akulakalaka zakumudzi.

Kupeza kasitomala n'kovuta ndithu, koma chosowetsa tulo chenicheni chimabwera pambuyo pake. Mwalandira ndalama, mwapakira bwinobwino, mwatumiza. Kwa masiku atatu nambala yolondolera katundu ikuonetsa kuti zonse zikuyenda, kenako pa foni pangotulukira mawu awiri achingerezi akuti "Clearance delay". Sabata yatha, yachiwiri yalowa. Kasitomala wayamba kutumiza mavoisi noti ataliatali, ndipo mawu oti "wakuba" sali patali. Mpamba wanu wonse, womwe mwina munakongola ku banki m'khonde, uli m'katoni yomwe yangokhala pa shelefu ku Frankfurt. Nanga chimachititsa n'chiyani, ndipo zikatero mutani?

Zipata zilipo ziwiri

Anthu a kuno ali ndi mwayi wa malo. Bwalo la ndege la Chileka lili pakhomo, ndipo wa ku Lirangwe ali pa msewu wa M1. Akalowera kum'mwera afika ku Blantyre kudzera pa Lunzu, akalowera kumpoto awoloka Shire pa Zalewa n'kukhotera ku Mwanza, chipata cha katundu wopita ku Tete, Harare mpaka ku Joni. Koma kukhala pafupi ndi ndege sikufupikitsa ulendo wa mapepala.

Katundu aliyense wogulitsidwa kunja amadutsa pa zipata ziwiri. Choyamba ndi chathu chomwechi, cha Malawi Revenue Authority, bungwe lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000. Chachiwiri ndi cha dziko lomwe katunduyo akupita, monga SARS ku South Africa kapena CBP ku America. A MRA amafuna kudziwa ngati katunduyo ndi wololedwa kutuluka m'dziko. A kunja amafuna kudziwa kuti m'katonimo muli chiyani, ndi cha ndalama zingati, msonkho wake ndi wotani, komanso ngati sichibweretsa matenda kapena tizilombo m'dziko mwawo.

A MRA amagwiritsa ntchito ASYCUDA World, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe inapangidwa ndi bungwe la UNCTAD ndipo ikugwira ntchito m'mayiko ambiri. Fomu ya kasitomu, ija amati Form 12, ikalowa m'makinawa, katundu amaikidwa m'njira ya mtundu wake. Yobiriwira ndiye kuti dutsani. Yachikasu ndiye kuti akufuna aone kaye mapepala. Yofiira ndiye kuti katoni itsegulidwe. Kugwera njira yofiira sikutanthauza kuti mwalakwa, chifukwa makina amasankhanso ena mwachisawawa. Koma mapepala osokonekera ndiwo amasandutsa kuona kwa ola limodzi kukhala kudikira kwa masabata.

Ofesala amawerenga pepala, saona Instagram yanu

Ofesala wa kasitomu ku London sadziwa kuti chitenje n'chiyani, ndipo alibe nthawi yoganizira. Chomwe ali nacho ndi invoisi yanu. Ambiri amalembapo mawu amodzi okha, "clothes" kapena "crafts" kapena "food", n'kuona ngati zatheka. Mawu otere ndi amene amachititsa katundu kuikidwa pambali, makamaka ku Ulaya komwe tsopano amafuna tsatanetsatane wa phukusi lililonse katunduyo asanakwere n'komwe ndege.

Invoisi yabwino imanena kuti chinthucho n'chiyani, chapangidwa ndi chiyani, zilipo zingati, chimodzi ndi ndalama zingati, ndalama yake ndi ya dziko liti, ndiponso kuti chinapangidwa ku Malawi. Lembani m'Chingerezi chomveka kuti ndi zikwama 6 za amayi, zosokedwa ndi nsalu ya thonje, chimodzi madola 15. Payenera kukhalanso dzina lanu ndi la wogula, ma adiresi athunthu, imelo ndi nambala ya foni yomwe ikugwira ntchito. Maphukusi ambiri amakhala masiku pa chifukwa chochepa kwambiri: kampani yonyamula katundu ikuimbira wogula kuti alipire msonkho, koma nambala yomwe munalemba yaperewera dijiti imodzi.

Chinanso ndi nambala ya mtundu wa katundu, ija amati HS code. Inakhazikitsidwa ndi World Customs Organization, yomwe likulu lake lili ku Brussels, ndipo yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1988. Manambala asanu ndi imodzi oyambirira ndi ofanana m'mayiko pafupifupi onse. Khofi amayamba ndi 0901, tiyi 0902, tsabola wouma 0904, uchi 0409, nsomba zouma 0305, madengu oluka 4602, ziboliboli zamatabwa 4420. Mukalemba nambala yolondola, ofesala amadziwa msanga msonkho wake. Mukaisiya, amasankha yekha, ndipo akhoza kusankha yodula.

Ngati mukutumiza pa positi, fomu yake ndi CN22 ya katundu wochepa mtengo kapena CN23 ya wokwererapo. Lamulo ndi lomwelo: lembani zonse, ndipo zomwe zili pa fomu zifanane ndi zomwe zili m'katoni.

"Ingolembani kuti ndi gift"

Pempho ili aliyense wogulitsa kunja adzakumana nalo. Kasitomala akuti, "Achemwali, mungolembapo kuti ndi mphatso, mtengo muike madola 10, kuti asandidule msonkho." Zimamveka ngati kuthandizana, koma amene wasaina fomu ndi inu.

A kasitomu amaona maphukusi masauzande tsiku lililonse. Akaona zikwama 12 zofanana zolembedwa kuti ndi mphatso ya madola 10, amadziwiratu. Amaimitsa katunduyo n'kupempha umboni wa malipiro. Wogula akatumiza risiti yoonetsa madola 180, msonkho umawerengedwa pa mtengo weniweniwo, mwinanso chindapusa pamwamba. Palinso china: katoni ikasowa kapena kunyowa panjira, chipukuta misozi chimawerengedwa pa mtengo womwe munalemba. Munalemba madola 10, mulandira za madola 10. Muuzeni kasitomala mwaulemu kuti bizinesi yanu imalemba mtengo weniweni, ndipo chifukwa chake n'choteteza katundu wake yemweyo.

Katundu wina amafuna chiphaso chake

Nsalu ndi zosoka sizivuta kwenikweni. Zovuta ndi zochokera ku zomera, ku nyama ndi m'nkhalango, zomwenso ndi zimene a kunja amakonda kwambiri kuchokera kwathu kuno.

Mbewu, nyemba, mtedza wosakazinga ndi zina zotere kawirikawiri zimafuna chiphaso chosonyeza kuti zilibe tizilombo ndi matenda a zomera. Chiphasochi chimaperekedwa ndi nthambi yofufuza zaulimi, ndipo kwa ife a kum'mwera malo ake ndi ku Bvumbwe Research Station ku Thyolo. Musadikire kuti katundu afike kaye kunja, chifukwa chiphasochi chimaperekedwa ataona katunduyo ndi maso. Ngakhale madengu a mlaza amaonedwa m'mayiko ena, monga Australia komwe sachita nthabwala pa nkhani ya tizilombo. Dengu lofumbwa kapena la nkhungu likhoza kuwonongedwa pomwepo, ndiye aumitseni bwino musanapakire, makamaka nyengo ya mvula.

Mtedza uli ndi vuto lake la chuku, lomwe limabweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Mayiko a European Union salola kupyola ma microgram 4 pa kilogalamu mu mtedza wodyedwa mwachindunji, mlingo wochepa kwambiri moti maso sangauone. Oyeza ndi a Malawi Bureau of Standards, omwe likulu lawo lili mu Blantyre momwemu. Ufa wa malambe, omwe mitengo yake mumaiona mukamatsikira ku Zalewa, unaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya ku European Union mu 2008, komabe uyenera kupakidwa mwaukhondo ndi kulembedwa bwino pa paketi. Ku America, chakudya chamalonda chimafuna kuti bungwe la FDA lidziwitsidwe chisanafike. Za nyama ndi mkaka zokha, musayese n'komwe kuzitumiza ku Ulaya pa phukusi wamba.

Osema ziboliboli asamale ndi mtundu wa mtengo. Phingo ali m'gulu la mitengo yomwe malonda ake akhala akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES kuyambira mu 2017, choncho funsani kaye ku nthambi ya zankhalango musanalandire oda yaikulu. Minyanga ya njovu, mamba a ngaka ndi zikopa za nyama zakutchire, izo ndi nkhani ya kundende: lamulo la zanyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30. Mbewu zina monga chimanga zimafunanso chilolezo cha unduna wa zamalonda, malinga ndi lamulo la Control of Goods Act, ndipo mndandanda wake umasintha malinga ndi mmene zokolola zakhalira chaka chimenecho.

Malamulo a kunja anasintha, malangizo akale musawadalire

Mnzanu amene anatumizako katundu mu 2019 akhoza kukuuzani kuti tinthu ting'onoting'ono timadutsa ulere. Zinali choncho, koma pano ayi.

Kuyambira pa 1 July 2021, European Union inachotsa mwayi woti katundu wosapyola ma euro 22 azilowa popanda VAT. Tsopano ngakhale ndolo za ma euro 5 zimalipiridwa. Ku UK, kuyambira pa 1 January 2021, VAT ya katundu wosapyola mapaundi 135 imayenera kutoleredwa pogula pomwepo, ndi wogulitsa kapena msika wa pa intaneti womwe wagulitsirapo. Ku America, katundu wosapyola madola 800 ankalowa popanda msonkho kwa zaka zambiri, koma pa 29 August 2025 boma la kumeneko linaimitsa mwayi umenewu kwa mayiko onse, moti mapositi a mayiko ambiri anayamba aleka kaye kulandira maphukusi opita ku America pamene ankakonza njira yotolera msonkhowo.

Nkhani yabwino ilipo. Popeza Malawi ali m'gulu la mayiko osauka kwambiri, katundu wopangidwa kuno amalowa ku European Union popanda msonkho wa pachipata pansi pa ndondomeko ya Everything But Arms, ndipo UK ili ndi yakenso yofanana nayo, Developing Countries Trading Scheme, yomwe inayamba mu 2023. Pa katundu wopita ku European Union wosapyola ma euro 6,000, wogulitsa akhoza kulemba yekha pa invoisi mawu ovomerezeka otsimikiza komwe katunduyo anapangidwa. Wopita ku South Africa, Zambia kapena Zimbabwe amathandizidwa ndi chiphaso cha SADC kapena cha COMESA, malinga ndi dziko lake. Koma mumvetse bwino: mwayi umenewu umachotsa msonkho wa pachipata wokha, VAT imakhalapobe. Komanso ndi wa katundu wopangidwadi kuno. Chitenje chomwe mwapikula ku Limbe koma chinachokera ku China sichisanduka cha Malawi chifukwa choti mwachipinda bwino.

Alipira msonkho ndani?

Mikangano yambiri pakati pa wogulitsa ndi wogula imayambira apa. Tiyerekeze kuti mwagulitsa madengu a ma euro 100 kwa mayi wina ku Germany, ndipo kutumiza kwadya ma euro 40. VAT ya ku Germany ndi 19 peresenti, ndipo imawerengedwa pa katundu ndi mtengo wonyamulira pamodzi, ma euro 140. Mayiyo auzidwa kuti alipire ma euro 26.60, kuphatikizaponso kandalama ka kampani yonyamula katundu kogwirira mapepala. Ngati simunamuuze, adabwa, akwiya, mwinanso akana kulandira. Katunduyo akhala pamenepo, ndipo patapita masiku kampani ifunsa ngati ibweze kapena itaye. Kubweza mulipira ndinu.

Pa malonda a pakati pa mayiko pali timawu tachidule togwirizana, ma Incoterms. Awiri ofunika kwa inu ndi DAP, kutanthauza kuti inu mufikitsa katundu koma msonkho alipira wogula, ndi DDP, kutanthauza kuti zonse mwalipira ndinu ndipo wogula angolandira. Palibe choipa pa ziwirizi. Choipa ndi kusagwirizana. Lembani pa tsamba lanu ndi pa WhatsApp, ndalama isanatumizidwe, kuti msonkho wa dziko la wogula uli m'manja mwa ndani. VAT ya ku UK ndi 20 peresenti, ya ku South Africa ndi 15, ndiye mukhoza kumuwerengera kasitomala pasadakhale.

Popeza mtengo wonyamulira umakwezanso msonkho, samalani ndi kukula kwa katoni. Makampani ngati DHL amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya 50 ndi 40 ndi 40 imawerengedwa ngati makilogalamu 16, ngakhale madengu ali m'menemo akulemera 4 okha. Lowetsani madengu ang'ono m'kati mwa aakulu.

Ndege, positi kapena basi ya ku Joni?

Makampani a mtengatenga wachangu ndi odula, koma ali ndi anthu awo ochita za kasitomu mbali zonse ziwiri, ndipo vuto likabuka amakuuzani chomwe chikufunika. EMS ya Malawi Posts Corporation imatsikirapo mtengo, koma katundu akafika kunja amalowa m'manja mwa positi ya dziko limenelo, ndipo kulondola kumafuna kudekha. Ngati katundu wachuluka, makatoni khumi kapena kupyola, ndi bwino kudzera kwa ejenti wovomerezeka ndi MRA kuti atumize ngati kago pa Chileka kapena pa KIA ku Lilongwe. Pamenepo mufunika nambala yanu ya msonkho, ija timati TPIN, ndipo katundu wa mtengo wokwera amafunanso fomu ya CD1 yodzera ku banki yanu, yomwe Reserve Bank of Malawi imalondolera nayo ngati ndalama za katunduyo zabwera m'dziko. Funsani banki yanu za malire ake musanapakire.

Njira yomwe ambiri timaidziwa ndi yopatsira a mabasi ndi ma transporter opita ku Joni kudzera pa Mwanza. Ndi yotsika mtengo, ndipo kwa thumba la ufa lopita kwa achimwene imagwira ntchito. Koma pa bizinesi ili ndi mbuna zake. Katunduyo amadutsa m'mayiko atatu, pa Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo nthawi zambiri salembedwa m'dzina lanu. Akagwidwa, mulibe pepala loti mukadandaulire nalo. Msewuwo umasokonezekanso ndi zochitika za eni dziko, monga zionetsero za ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu October 2024 zomwe zinaimitsa magalimoto ambiri. Mukasankha njira imeneyi, lembetsani risiti yonena zomwe zili m'katundumo, jambulani, ndipo musalonjeze kasitomala tsiku lenileni.

Wakanirira ndithu, nditani?

Choyamba, dziwani komwe katundu ali. Nambala yolondolera imaonetsa ngati akadali ku Malawi, ali panjira ku Addis Ababa kapena Johannesburg, kapena wafika m'dziko la wogula. Ambiri amathamangira kukalusira a MRA pomwe katoni inatuluka kalekale.

Chachiwiri, imbirani kampani yomwe inanyamula, tsiku lomwelo. Musangofunsa kuti "katundu wanga ali kuti?" Funsani kuti akufuna pepala liti, litumizidwe kwa ndani, ndipo tsiku lomaliza ndi liti. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo zomwe mwakambirana pa foni muzitsatize ndi imelo kuti pakhale umboni.

Chachitatu, tumizani zonse nthawi imodzi: invoisi, mndandanda wa zomwe zili m'katoni, umboni wa malipiro, ziphaso ndi zithunzi za katunduyo asanatsekedwe. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi foda ya oda iliyonse pa foni kapena pa Google Drive. Musachedwe, chifukwa malo ambiri osungira katundu amapereka masiku ochepa aulere, kenako amayamba kuwerengera ndalama tsiku ndi tsiku.

Chachinayi, chenjerani ndi akamberembere. Uthenga wa SMS kapena WhatsApp wonena kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu kuti katundu amasulidwe ndi wabodza. Msonkho umalipiridwa ku akaunti ya bungwe ndipo umakhala ndi risiti. Wina akakuuzani kuti "tingokonza ya fanta zitheke", dziwani kuti ziphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Kasitomala asamve kwa ena

Wogula amapirira kuchedwa, koma sapirira kukhala chete kwanu. Inuyo mukhale oyamba kumuuza. Uthenga wachidule ngati uwu ndi wokwanira: "Mwaswera bwanji amayi. Katundu wanu anafika ku UK Lachiwiri, koma a kasitomu akufuna umboni wa mtengo. Invoisi ndi risiti ndatumiza kale m'mawa uno. Ndikudziwitsaninso Lachisanu, kaya zasintha kaya ayi." Lachisanu likafika, lembanidi.

Polonjeza nthawi, onjezani masiku. Ngati kampani yati masiku 5, inu nenani 10 mpaka 14. Kuyambira kumapeto kwa November mpaka Khirisimasi maphukusi amachuluka dziko lonse lapansi, ndiye oda za nyengo imeneyo zitsekeni msanga. Nenaninso poyera kuti katundu akasowa kapena akabwezedwa mudzatani, kubweza ndalama kapena kutumiza wina. Ndalama ya oda musaidyeretu katundu asanafike. Kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo wobweza madola atasintha kale ndalama yake amamva kuwawa kawiri.

Ngati mukuyamba kumene, yesani kaye ndi kaphukusi kakang'ono kopita kwa munthu amene mumadziwana naye. Lembani masiku omwe katenga, ndalama zomwe walipira kumeneko ndi mafunso omwe a kasitomu afunsa. Dziko lililonse likhale ndi tsamba lake m'kope lanu. Musanalandire oda ya katundu wachilendo, tsegulani Malawi Trade Portal pa foni, kapena kwerani minibasi mukafunse ku ofesi ya MRA kapena ku Malawi Investment and Trade Centre. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa geni iyi thiransipoti yochoka ku Lirangwe kupita m'tauni ndi yotsika mtengo kuyerekeza ndi katoni yobwezedwa kuchokera ku London.